Katchalitchi ka amonke ka ku Berzé-la-Ville: kanamangidwa bwanji, ndipo zithunzi zake zinachokera kuti?

Nabanda, Lyon

Moni kwa nonse amene mumawerenga pano. Ndatha chaka ndi theka mu mzinda wa Lyon, kumene ndinabwera kudzachita maphunziro, ndipo Loweruka lapitali banja lina limene ndimapemphera nalo linanditenga pa ulendo wopita kumpoto, kudera la Bourgogne, kukaona malo amene kale panali nyumba yaikulu ya amonke ya Cluny. Pobwerera tinatsata msewu wa ku Mâcon, kenaka tinapatuka n'kukwera kamtunda kozunguliridwa ndi minda ya mpesa, mpaka tinafika m'mudzi waung'ono wa Berzé-la-Ville, kumene kuli katchalitchi kamene eni dziko amakatchula kuti Chapelle des Moines, kutanthauza katchalitchi ka amonke.

Kunja kwake sikokopa maso kwenikweni. Ndi kanyumba ka miyala, katali koma kopapatiza, kokhala ndi kansanja kamodzi, makoma ochindikala ndi mazenera aang'ono, moti wodutsa m'njira angakapitirire osadziwa kuti wasiya chiyani. Koma nditalowa n'kuyang'ana kummawa, kumene khoma limazungulira kumbuyo kwa guwa, ndinasowa chonena. Pamwamba pali chithunzi cha Khristu atakhala pampando wachifumu, chachikulu kuposa munthu kawiri, ndipo m'mbali mwake ndi m'munsi mwake mwadzaza atumwi ndi oyera mtima, utoto wake uli wowala ngati waposachedwa, chonsecho wotilandira anati unapakidwa zaka zoposa 900 zapitazo.

Chifalansa changa sichinafike poti ndimve zonse zimene ankafotokoza, ndiye ndabwera kwa inu. Iye ankabwerezabwereza kuti kamangidwe kake ndi ka Romanesque, ndipo ndikufuna kudziwa chimene mawuwa amatanthauza pa ntchito yeniyeni ya zomangamanga, komanso chifukwa chimene amisiri odziwa kujambula chotere anasiyira nyumbayo ili ya mdima, ya mazenera ngati ziboo. Koma chimene chikundisautsa koposa ndi ichi: kodi chuma chotere chinapezeka bwanji m'mudzi wa alimi, kutali ndi mzinda, m'kanyumba kosakwana ngakhale mpingo wa nthambi imodzi ya parishi ya kwathu?

Phiri, Zomba

Mayi Nabanda, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ku France sindinafikeko, koma ndagwira ntchito yomanga kwa zaka zambiri ndipo kamangidwe ka mtunduwu ndinakaphunzira mwachidwi, choncho ndiyankhe mbali ya makoma ndi denga, mbiri ndisiyire ena.

Dzina lakuti Romanesque silinachokere kwa amisiri amene ankamanga nyumbazi. Linayamba kugwiritsidwa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene akatswiri ankafuna dzina la matchalitchi a ku Ulaya omangidwa makamaka m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti zomangidwa motsanzira Aroma akale. Chimene anatengera kwa Aroma ndi khomo lopindika pamwamba ngati uta. Kwathu kuno tikafika pamwamba pa chitseko kapena zenera timathira lintala ya simenti ndi zitsulo, koma iwo analibe chitsulo chothandizira konkire, ndipo mwala wautali ukagonekedwa pamwamba pa khomo lalikulu umathyoka pakati chifukwa mwala umapirira kupanikizidwa koma supirira kukokedwa. Ndiye ankasema miyala yopapatiza mbali imodzi, n'kuisanja pa chimango cha matabwa chopindika, kuyambira mbali zonse ziwiri mpaka kukumana pamwamba, pamene ankatsekera ndi mwala wapakati. Akachotsa chimangocho miyala imakanikizana yokhayokha, ndipo katundu amene ali pamwamba ndi amene amailimbitsa. Amene anaonapo tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891, anaona nzeru yomweyi pa makomo ndi mazenera ake.

Tsono mukatenga uta umenewu n'kuutalikitsa kuyambira kukhomo la tchalitchi mpaka kuguwa, mumapeza denga lonse la miyala, lokhota ngati mgolo wodulidwa pakati m'litali, ndipo ndilo limene munaliona pamwamba panu. Matchalitchi akale kuposa awa ankafoleredwa pa mitanda ya mitengo, ndipo ankapsa kawirikawiri chifukwa cha makandulo, mphezi ndi nkhondo. Denga la miyala linachepetsa ngozi imeneyi, komanso limakweza mawu a oimba n'kuwachedwetsa kuzimirira, zimene zinali zofunika kwambiri kwa amonke amene ankaimba masalimo usana ndi usiku.

Koma denga lotere lili ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene pali yankho la mazenera. Kulemera kwake sikutsikira pansi molunjika ayi, kumakankhira makoma kunja m'litali monse, ngati mmene thumba lodzaza chimanga limatambasulira m'mbali mukaliimika. Kuti khoma lisatseguke liyenera kukhala lochindikala ndi lolemera, ndipo zenera lililonse limene mmisiri aboola ndi malo amene wachotsapo mphamvu. Mukapitanso mukayang'anitsitse mazenerawo, mudzaona kuti m'mbali mwake munasemedwa motsetsereka, kuti kuwala kolowera pa kampata kakang'ono kumwazike mkati. Kumeneko sikusowa nzeru, koma kudziwa malire a mwala. Onjezani kuti matope awo anali a laimu ndi mchenga, amene amauma pang'onopang'ono kwambiri, kotero kuti nyengo yozizira ntchito inkaima ndipo pamwamba pa makoma ankafunditsapo udzu kuti chisanu chisaswe matopewo. Ine monga mmisiri ndimawalemekeza anthu amenewa, chifukwa popanda masamu amene timadalira lero ankadziwa ndi maso ndi manja kuti khoma ili lipirira, ili silipirira.

Ndiwonjeze chimodzi chokha. Makoma aakulu opanda mazenera ambiri ndi amene anapatsa ojambula malo ogwirapo ntchito. Kamangidwe katsopano kotchedwa Gothic katayamba pa tchalitchi cha Saint-Denis, pafupi ndi Paris, cha m'ma 1140, makoma anachepa, mazenera anakula, ndipo nkhani za m'Baibulo zinayamba kusamukira pa magalasi amitundumitundu.

Chisale, Lilongwe

A Phiri afotokoza bwino, ndipo ndingowongola pang'ono pa mfundo imodzi ndisanalowe m'mbiri. Si uta uliwonse wa nthawi imeneyo umene unali wozungulira ndendende. Ku Bourgogne komweko, ndipo makamaka m'tchalitchi chachikulu cha Cluny, amisiri anali atayamba kale kumanga mauta osongoka pang'ono pamwamba, chifukwa uta wotere sukankha makoma kwambiri. Izi zinachitika zaka makumi angapo Gothic asanayambe.

Tsono Mayi Nabanda, funso lanu lalikulu yankho lake ndi lakuti katchalitchi kameneka sikanamangidwire anthu a m'mudzimo. Kanali ka munthu amene pa nthawi yake ankawerengedwa pakati pa akuluakulu a Ulaya yense, ndipo kuti timumvetse tiyambire pa Cluny. Nyumba ya amonke imeneyi inakhazikitsidwa mu 910 ndi Guillaume, wolamulira dera la Aquitaine, ndipo chimene chinaisiyanitsa ndi nyumba zina ndi chikalata chake choyambira. Guillaume anaipereka m'manja mwa atumwi Petulo ndi Paulo, pansi pa chitetezo cha Papa wa ku Roma, kuti mfumu, mwini malo kapena wina aliyense asalowerere pa chuma chake kapena pa kusankha mtsogoleri wake. M'nthawi imene mabanja olemera ankaika abale awo pa mipando ya mpingo ngati akugawana minda, ufulu umenewu unali chinthu chachikulu. Amonke ake ankatsata lamulo la Benedikito Woyera, ankapatsa pemphero la pamodzi nthawi yochuluka zedi, ndipo anthu olemera ankapereka minda kuti mayina a abale awo omwalira azitchulidwa m'mapempherowo. Mwa njira imeneyi Cluny inakula mpaka kukhala ndi nyumba mazanamazana zoyang'aniridwa ndi iyo ku France, Spain, Italy, England ndi kwina.

Mtsogoleri amene anaifikitsa pachimake ndi Hugues de Semur, wobadwa mu 1024, amene anasankhidwa mu 1049 ali ndi zaka pafupifupi 25 ndipo anatsogolera kwa zaka 60, mpaka imfa yake mu 1109. Iye anali kholo la ubatizo la Henry IV, mfumu ya Germany, ndipo pamene mfumuyo inakangana ndi Papa Gregory VII n'kupita kukapepesa ku Canossa mu 1077, Hugues analipo ndipo anali mmodzi wa oyanjanitsa. Papa Urban II anali mmonke wa ku Cluny asanakhale Papa. Mu 1088 Hugues anayambitsa ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha Cluny, chachitatu kumangidwa pamalopo, mothandizidwa kwambiri ndi golide wochokera kwa Alfonso VI, mfumu ya León ndi Castile. Urban II anadalitsa guwa lake lalikulu mu 1095, ndipo tchalitchi chonse chinadalitsidwa mu 1130 ndi Papa Innocent II. Chitamalizidwa ndi khonde lake lakutsogolo chinali chotalika mamita pafupifupi 187, ndipo panalibe tchalitchi china chachikulu kuposa icho ku Ulaya mpaka pamene tchalitchi chatsopano cha Petulo Woyera chinamangidwa ku Roma.

Berzé inali umodzi wa minda ya Cluny, malo olimapo ndi kusungirapo zokolola, oyang'aniridwa ndi amonke ochepa. Cha m'ma 1100 Hugues analimbitsa umwini wa Cluny pa malowa, ndipo m'zaka zake zomaliza, ali nkhalamba yoposa zaka 75, ankakonda kukhala kumeneko, pamtunda wosafika ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku likulu lake, kumene phokoso la osema miyala ndi alendo osaleka sizinkamufika. Kumeneko ankapumula, kupemphera ndi kulandira alendo olemekezeka, ndipo m'mawu ake otsiriza amene anasiyira amonke ake anatchula Berzé ndi dzina. N'chifukwa chake kanyumbako n'kakang'ono, popeza kankafunika kukwana mkulu wa amonke ndi omutsatira ochepa, ndipo n'chifukwa chakenso kali ndi zithunzi zoyenera nyumba ya mfumu. Munthu amene anali ndi amisiri abwino koposa pa ntchito yaikulu ya ku Cluny sakanavutika kupeza ojambula a katchalitchi kake. Mwina munaonanso kuti kali ndi zipinda ziwiri zosanjikizana, chapansi chachifupi ndi cha mdima, ndi chapamwamba chimene muli zithunzizo. Akatswiri ambiri amaika zithunzizi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, ena akunena kuti Hugues anaziona ali moyo, ena akunena kuti zinamalizidwa iye atamwalira kale.

Nangozo, Dedza

Mayi Nabanda, ndakondwa kuti mwafunsa za malo amenewa, chifukwa inenso ndinafikako pa ulendo wa chipembedzo umene tinadutsira ku Taizé, kumene sikutali ndi Cluny, ndipo mpaka lero chithunzi chija sichinandichoke m'maso. Ndakhala ndikuphunzitsa katekisimu kwa nthawi yaitali, ndiye ndifotokoze zimene zili pakhomapo monga mmene ndingafotokozere ophunzira anga, chifukwa ojambulawo sanaike munthu aliyense pamalo pake mwangozi.

Khristu amene munamuona ndi wamtali pafupifupi mamita 4, ndipo wakhala mkati mwa chizungulire chosongoka pamwamba ndi pansi, chimene chimaimira ulemerero wake. Pamwamba pa mutu wake pali dzanja la Mulungu Atate litagwira chisoti chachifumu. Atumwi aima m'mbali zonse ziwiri, koma chofunika kuchiona ndi chimene dzanja lake lamanzere likuchita, pakuti likupereka mpukutu wa lamulo kwa Petulo, pamene Paulo waima mbali inayo. M'matchalitchi ambiri a nthawi imeneyo Khristu amazunguliridwa ndi zamoyo zinayi zoimira alembi a Uthenga Wabwino, koma pano anasankha chithunzi chakale cha ku Roma cha kuperekedwa kwa lamulo kwa Petulo. Mukakumbukira zimene Bambo Chisale anena, zakuti Cluny inali ya Petulo ndi Paulo ndipo inkayang'ana kwa Papa yekha, muona kuti khomalo likulalikira chikhulupiriro komanso likunena poyera kuti nyumba imeneyi ndi ya yani.

M'munsi mwake muli mauta asanu. Atatu apakati ali ndi mazenera, ndipo awiri a m'mbali ndi otseka, ndiye m'menemo anajambulamo nkhani za ofera chikhulupiriro. Kumanzere kuli Blaise Woyera, episkopi wa ku Sebaste ku Armenia, yemwe ife Akatolika timamukumbukira pa 3 February podalitsa makosi. Pamwamba ali m'ndende, ndipo mayi wamasiye akumubweretsera mutu wa nkhumba, pakuti nkhani yake imati mmbulu unagwira nkhumba ya mayiyu ndipo Blaise anaulamula kuti uibweze, kotero iye atamangidwa mayiyo anapha nkhumbayo kuti amudyetse. Pansi pake akumudula mutu. Kumanja kuli munthu wogonekedwa pa chitsulo cha moto, asilikali akumukanikiza ndi mafoloko aatali, wolamula ataima chapamwamba. Ambiri amati ameneyu ndi Vincent Woyera, dikoni wa ku Zaragoza amene anaphedwa cha m'ma 304, ngakhale ena amati ndi Laurent Woyera wa ku Roma, popeza onse awiri anali madikoni ndipo onse amakumbukiridwa ndi chitsulo cha moto. Ine mtima wanga umapendekera kwa Vincent, chifukwa iye ndi nkhoswe ya olima mpesa, ndipo mukatuluka pakhomo la katchalitchiko chimene mumaona ndi mpesa wokhawokha.

Pansi penipeni pali mzere wa oyera ena ojambulidwa kuyambira pachifuwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a kummawa, monga Abdon ndi Sennen a ku Persia, ndi Sergius ndi Bacchus a ku Syria. Kajambulidwe kakenso n'kochokera kummawa. Nkhope zazitali, maso aakulu, mizere yoyera yoonetsa kuwala pa zovala ndi kapindidwe ka nsalu pa mawondo, zonsezi n'zofanana ndi luso la Byzantium, ufumu wachikhristu wakummawa umene likulu lake linali Constantinople. Njira imene ambiri amaloza ndi ya ku Italy, chifukwa Desiderius, mkulu wa amonke a ku Monte Cassino, anaitanitsa amisiri ku Constantinople kuti akongoletse tchalitchi chake chatsopano chimene chinadalitsidwa mu 1071, ndipo Hugues anakacheza ku Monte Cassino mu 1083. Mtundu wa buluu umene uli kumbuyo kwa Khristu nawonso ukunena za chuma, pakuti matchalitchi ambiri a m'midzi ya ku France ankajambulidwa ndi dothi lofiira ndi lachikasu pa khoma loyera, pamene buluu wozama chotere ankafuna utoto wodula wochokera kutali.

Nabanda, Lyon

Zikomo kwambiri Bambo Phiri, Bambo Chisale ndi Mayi Nangozo, mwanditsegula maso, ndipo tsopano ndikufunitsitsa kubwererako kuti ndikaone mpukutu uja ndi mayi wamasiye uja, zimene ndinaziyang'ana osazizindikira. Koma mawu anu andibweretsera funso lina. Mmawa wa tsiku lomwelo tinali ku Cluny, ndipo pa tchalitchi chachikulu chimene Bambo Chisale afotokoza tinangopezapo chigawo chimodzi ndi nsanja yake, kwina konse kuli misewu ndi nyumba za anthu. Zinatheka bwanji kuti chachikulucho chitheretu, koma kakang'onoka kakhalebe ndi utoto wake?

Chisale, Lilongwe

Mayi Nabanda, zonse ziwiri zinakumana ndi tsoka limodzi, koma linazigwira mosiyana. Anthu a ku France ataukira ufumu mu 1789, boma latsopano linalanda katundu wa mpingo, nyumba za amonke zinatsekedwa, ndipo malo awo anagulitsidwa kwa anthu wamba. Tchalitchi chachikulu cha Cluny chinagulitsidwa mu 1798 kwa amalonda amene anachiona ngati mgodi wa miyala yosemasema kale. Anachigumula pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 20, nthawi zina ndi onga, n'kumagulitsa miyalayo kwa omanga, ndipo chimene chinatsala sichikwana gawo limodzi mwa magawo 10. Nsanja imene munaiona ili pa mkono wakummwera wa chopingasa chachikulu, chigawo chimene chinkadutsa tchalitchicho m'lifupi ngati mikono ya mtanda. Zambiri zimene timadziwa za maonekedwe ake onse zinachokera ku ntchito yofukula ya katswiri wa ku America, Kenneth John Conant, amene anayamba kukumba pamalopo mu 1928. Pamodzi ndi makomawo panapitanso chithunzi chachikulu cha Khristu chimene chinali kumbuyo kwa guwa lake.

Ku Berzé nako kunagulitsidwa, koma miyala ya kanyumba kakang'ono chotere sinali yokwanira kukopa ogumula, ndipo kwa mlimi nyumba youma ya denga lolimba inali yothandiza ili chiimire kuposa itagwetsedwa. Choncho kanasanduka mosungira zinthu za pamunda. Zithunzizo zinali zitakwiriridwa ndi laimu, ndipo laimu ameneyu, amene anazibisa kwa anthu mpaka zinaiwalika, ndi amenenso anaziteteza ku kuwala, ku utsi ndi ku manja a owononga. Mu 1887 wansembe wa parishi ya m'mudzimo, Philibert Jolivet, anazindikira kuti pansi pa laimuyo pali utoto, ndipo atayamba kupala mosamala nkhope zinayamba kuonekera. Mu 1893 boma la France linaika katchalitchika m'kaundula wa zomangidwa zakale zotetezedwa, koma kanakhalabe m'manja mwa eni ake wamba mpaka pamene Joan Evans, mayi wa ku Britain amene anaphunzira kwambiri za luso la Cluny, anakagula n'kukapereka ku bungwe la Académie de Mâcon mu 1947.

N'chifukwa chake akatswiri a luso la nthawi imeneyo amapita ku Berzé akafuna kudziwa mmene mkati mwa Cluny munkaonekera, popeza ndi kumene kunatsala zithunzi zazikulu za pakhoma zojambulidwa pa lamulo la atsogoleri a nyumbayo pa nthawi ya ulemerero wake. Mukabwererako, ndikupempheni kuti musathamangire kuguwa. Muyambe mwaima pakhomo n'kuyang'ana makoma a chipinda chachitalicho, amene lero akuoneka opanda kanthu, ndipo mukayang'anitsitsa mudzapeza timadontho ta utoto totsalira apa ndi apo, tosonyeza kuti zojambulazo sizinkathera kuguwa kokha. Muyesetsenso kufika mmawa, pamene dzuwa limalowera pa mazenera atatu akummawa aja, ndipo mupemphe kuti akuonetseni chipinda chapansi ngati chili chotsegula.